Kalata Imene Ndinakana Kusayina

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ine ndi a Chirwa tinathera miyezi yambiri osalankhulana, pomwe nonsenu munakula mukuwatcha agogo. Ndinkangokuyankhani kuti ndi za kuntchito. Tsopano ndinapuma, nthawi ndili nayo, ndiye ndilembe zonse mmene zinayendera. Koma kuti mumvetse chifukwa chake nkhaniyi inandilemera, ndiyambe ndi mmene ndinawadziwira bambo amenewa.

Chaka changa choyamba ku Mzuzu

Ndinatsika basi mu Mzuzu ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, nditangomaliza maphunziro a unamwino wa maso. Kwathu ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma kuno ndinapeza mvula yowaza yosaleka masiku atatu, ndi nkhungu yobisa ngakhale nyumba ya tsidya la msewu. Pa Chitumbuka ndinkangodziwa liwu limodzi, yewo, lotanthauza zikomo, ndipo ndinkalinena paliponse, poyenera ndi posayenera pomwe. Chipinda cha maso chinali kumapeto kwa khonde la chipatala, pafupi ndi kochapira zovala, moti tsiku lonse tinkapuma fungo la sopo. Mkulu wa chipindacho anali a Chirwa, bambo wamtali wa ku Nkhata Bay, wovala jekete loyera losita bwino ngakhale masiku amene magetsi kunalibe. Atandifunsa dzina ndinati ndine Naphiri. Iwo anapukusa mutu nati, "Kuno kulibe Naphiri. Kuyambira lero ndinu NyaPhiri." Dzinali linandikakamira mpaka lero.

Sabata yomweyo mayi wina anabwera ndi mwana wa zaka zinayi. Ine ndinamuimika mwanayo kutsogolo kwa tchati cha zilembo, monga tinaphunzirira, n'kumamufunsa kuti akuona chiyani. Mwanayo sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndipo Chichewa changa sankachimva, choncho anangoyamba kulira. A Chirwa anabwera, anagwada pansi, natulutsa makiyi m'thumba. Anamutseka diso lamanja ndi dzanja lawo n'kumagwedeza makiyiwo, mwana n'kumawatsatira akuseka. Atamutseka lamanzere, mwanayo anakankha dzanja lawo mwaukali. Iwo anaimirira n'kundiuza kuti, "Mwaona? Akukana chifukwa ndatseka diso limene amadalira. Wamkulu amabwera n'kunena kuti sindikuona. Mwana sanena, chifukwa amayesa kuti anthu onse amaona mmene iye amaonera. Muzimufunsa ndi manja, osati ndi pakamwa." Zimenezi sizinali m'buku lililonse limene ndinawerenga kusukulu.

Zaka za kusowa zipangizo

Achinyamata a masiku ano sakhulupirira ndikawauza mmene tinkagwirira ntchito. Babu la makina oyezera maso litapsa, tinatha pafupifupi chaka tikuyeza ndi tochi wamba, mabatire ake a Chirwa akugula okha. Mankhwala odontheza m'maso ankatha mwezi usanafike pakati, ndipo ndinaphunzira kumuyang'ana munthu woyenda mtunda wautali n'kumuuza kuti abwerenso. Magalasi ankabwera m'makatoni kuchokera ku mipingo ya kunja, ovalidwapo kale, ena othyoka mwendo. Lachisanu lililonse masana tinkakhala pansi awirife n'kumawayeza limodzi limodzi, kulemba mphamvu yake pa kapepala, n'kumangirira ndi ulusi. Pa ntchito imeneyi ndi pomwe a Chirwa ankamasuka. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitonga, kundiseka Chitumbuka changa, ndi kundiuza za odwala amene sanathe kuwathandiza, omwe ankawakumbukira mayina onse.

Ankakalipanso, musaganize kuti anali munthu wofewa. Tsiku lina ndinalemba m'kaundula kuti maso a mphunzitsi wina ali bwino ndisanamuyeze mokwanira, chifukwa mzere unali wautali. Anandiitanira kuseri kwa chitseko nati, "Dzina lanu likakhala pansi pa pepala, munthu amapita kwawo n'kukagona mtima uli m'malo. Musamugoneke munthu ndi bodza." Ndinalira tsiku limenelo, koma mawa lake ndinamutumizira uthenga mphunzitsiyo kuti abwerenso.

M'zaka zomwezo ndinakwatiwa ndi bambo anu, tinapeza nyumba ku Lupaso, ndipo a Chirwa ndi amene anandiimira ngati ankhoswe a mbali yanga popeza abale anali kutali. Mayi Chirwa atadwala n'kugonekedwa miyezi iwiri, mwana wawo wamkazi womaliza, Tiwonge, anali asanayambe kuyenda. Ndinamutengera kwathu, ndinkamubereka kumsana pophika, ndipo anayamba kunditcha amama asanadziwe kuti si ine ndinamubala. Kenaka ananditumiza ku Karonga zaka zinayi, kumene ndinaphunzira kuti kutentha nakonso ndi chilango. Nditabwerera, a Chirwa anali pafupi kupuma. Tsiku lotsanzikana anandipatsa makiyi a chipinda cha maso pamaso pa anthu onse, iwo n'kupita kukakhala ku Nkhorongo, kumene ankalima nthochi ndi khofi pang'ono kuseri kwa nyumba.

Zaka ziwiri ndisanapume

Tiwonge anakula, anaphunzira zauphunzitsi, anakagwira ntchito ku Joni zaka zingapo, n'kubwerako ndi mwana wamkazi dzina lake Lusungu ndi maganizo otsegula sukulu yakeyake. Anaitsegula ku Katoto, ya mkaka ndi ya pulayimale, ndipo anthu anaikonda chifukwa Tiwongeyo ankagwira ntchito ngati bambo ake. Anali atandiuza kale kuti ndikadzapuma ndidzakhale namwino wa pasukulupo, ndipo ine ndinali nditavomera ndi mtima wonse.

Chimene chinkakopa makolo kwambiri chinali timakina timene anabwera nato, tokhala ngati foni yaikulu, tomwe ana ankaphunzirirapo. Timakinati sitinali matabuleti wamba. Zithunzi zake zinali za 3D, zooneka ngati zatuluka m'galasi n'kuima m'malere, popanda kuvala magalasi apadera aja amene anthu amavala kukanema. Lolemba lina Tiwonge anandiimbira. "Amama, muli uli? Ndili ndi kavuto pachoko, kakang'ono chabe. Makolo ena akulemba pa gulu lathu la pafoni kuti ana akumva mutu akaweruka, akuti ndi matabuleti. Loweruka tili ndi msonkhano. Mungondilembera kalata ya ku chipatala yonena kuti alibe vuto pa maso a ana, ndikawawerengere." Ndinamuyankha kuti ndibwere kaye ndidzaone ndi maso anga. Anaseka nati, "Yewo chomene, bwerani, mudzadabwe."

Ndinadabwadi. Ndinapita Lachitatu m'mawa, ndinalowa m'kalasi ya ana a zaka zinayi ndi zisanu, Tiwonge n'kundipatsa kamakina kamodzi. Pagalasi panali nsomba zamitundumitundu, ndipo imodzi inasambira kubwera kumphuno kwanga moti ndinabweza mutu, ana onse n'kufa nazo kuseka. Ine amene ndinayeza maso ndi tochi chaka chathunthu, ndinaima pamenepo ngati mwana, ndikufuna kuigwira nsombayo. Ndinaganiza za ana a kumidzi amene ndinawaona akuphunzira pansi pa mtengo opanda ngakhale buku, ndipo ndinamunyadira Tiwonge.

Kenaka ndinakhala pa kampando kumbuyo n'kuyamba kuyang'ana ana m'malo mwa nsomba. Patatha mphindi makumi awiri, ena anayamba kutikita m'maso. Mtsikana wina anagoneka mutu pa desiki. Wina ankatseka diso limodzi ndi chala kuti apitirize kuonera. Ndinapempha bokosi limene kamakinako kanabweramo, ndinawerenga kapepala ka m'katimo, ndipo ndinamvetsa mmene kamagwirira ntchito. Galasi lake limatumiza chithunzi china ku diso lamanja, china ku lamanzere, ubongo n'kuziphatikiza kukhala chimodzi chooneka ngati chili pafupi. Maso amakhala akuyang'ana pagalasi pomwe ubongo ukuti chinthucho chili kutsogolo kwa galasilo, ndipo kukokanakokana kumeneku n'kumene kumatopetsa. Pansi pa kapepalako, m'zilembo zing'onozing'ono, opanga ake analemba okha kuti ana osafika zaka zisanu ndi ziwiri asaonere zithunzi zotulukazo, chifukwa maso awo amakhala asanakhwime. Panalinso batani lozimitsira kuti zithunzi zikhale wamba.

Koma chimene chinandigwira mtima chinali china. Ana onse ankatambasula manja kuti agwire nsomba, kupatula Lusungu, mwana wa Tiwonge, amene anali ndi zaka zisanu. Iye ankangoyang'ana anzakewo n'kumaseka nawo mochedwa. Ndinamuitana n'kumufunsa kuti nsomba ili pati. Analoza pagalasi. Ndinati, "Sikutuluka?" Anapukusa mutu nati, "Anzanga amangonamizira, agogo." Ndinamutseka diso lamanzere ndi dzanja, sanadandaule. Nditamutseka lamanja, anakankha dzanja langa.

Mu ofesi ndinamuuza Tiwonge zinthu ziwiri. Choyamba, kalata yonena kuti palibe vuto sindingalembe, chifukwa ana ndawaona akutopa maso, opanga makinawo akuchenjeza okha, ndipo ngati pali choipa chokhalitsa kapena palibe, ine sindikudziwa. Chachiwiri, diso lamanzere la Lusungu ndi lofooka, ubongo wake wayamba kulisiya, ndipo abwere naye ku chipatala msanga msinkhu wothandizika usanadutse. Ndinanenetsa kuti si matabuleti amene anachititsa zimenezo, iwo angoulula chimene chinalipo kale. Koma mawu amenewa sanawamve. Anaimirira nkhope itasintha nati, "Ndiye mukuti ndamupweteka mwana wanga ndi manja anga? Amama, ndakupemphani kalata, inu mukundibweretsera matenda m'nyumba?" Ananditsegulira chitseko yekha.

Masana a ku Nkhorongo

Mawa lake a Chirwa ananditumizira uthenga kuti ndikawaone. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusadzira nthochi, tsitsi lonse litayera, ndipo anandilandira bwino monga mwa masiku onse. Ndinapita ndili ndi chikhulupiriro kuti iwo andimvetsa kuposa wina aliyense. Tinakhala pakhonde, ndinawafotokozera zonse, iwo akumvetsera maso ali pansi. Nditamaliza anati, "NyaPhiri, mutu wa mwana umapweteka ndi zambiri. Njala, dzuwa, malungo. Mwayeza ana angati? Mwakhala m'kalasimo ola limodzi lokha."

Ndinavomera kuti zinali zoona. Ndinati n'chifukwa chake sindinganene kuti makinawo amawononga maso, komanso sindinganene kuti alibe vuto.

"Mtsikanayu waika moyo wake wonse pa sukulu imeneyi," anatero. "Makolo a mu tauni muno mukuwadziwa. Akangomva kuti wa maso wakana kusayina, Lolemba kalasi idzakhala yopanda ana. Lembani kalatayo, mabataniwo tidzazimitsa mwakachetechete pambuyo pake. Ndikukupemphani ine."

M'zaka zonse zimene ndinawadziwa, bambo amenewa anali asanandipemphepo kanthu. Ankalamula kapena kuphunzitsa. Kuwaona akupempha kunandipweteka kuposa kukalipa kwawo konse. Ndinakumbukira ukwati wanga, ndinakumbukira Tiwonge ali kumsana kwanga, ndipo ndikuuzeni zoona ana anga, ndinatsala pang'ono kuvomera. Cholembera chinali m'chikwama. Koma ndinaganiza za mayi amene adzamve kalatayo Loweruka, n'kupita kwawo, mwana akadzati mutu ukupweteka iye n'kumuuza kuti usanamizire, a chipatala anati palibe vuto. Ndinati, "Adada, ndikhululukireni. Ndilemba kalata, koma ya zimene ndaona." Za Lusungu nditayambanso kunena, anakweza dzanja nati, "Mdzukulu wanga ndimamuona tsiku lililonse. Ndikanadziwa." Sanandiperekeze mpaka pa geti, chinthu chimene anali asanachitepo.

Kalatayo ndinailemba tsiku lomwelo. Ndinati ana osafika zaka zisanu ndi ziwiri aziphunzira ndi zithunzi wamba, okulirapo azionera zotulukazo kanthawi kochepa n'kupumitsa maso, mwana wodandaula mutu kapena wosaona kutulukako ayezedwe, ndipo ndinadzipereka kudzayeza ana onse a pasukulupo ndekha. Tiwonge sanaiwerenge pa msonkhano. Makolo anafunsa za kalata ya ku chipatala imene anawalonjeza koma sanaione, ndipo mphekesera inayenda mu Katoto monse kuti namwino wa maso wakana. Ena anachotsadi ana awo, monga a Chirwa ananenera. Za ntchito ya unamwino pasukulupo sizinatchulidwenso. Kutchalitchi banja la a Chirwa linayamba kukhala mbali ina, ndipo tikakumana pakhomo tinkangoti monire, monire, ngati anthu ongodziwana pamsika. Bambo anu ankandiuza kuti ndinachita bwino, koma ine Lamulungu lililonse ndinkabwerako nditasweka mtima. Chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali diso la Lusungu, chifukwa ndinkadziwa kuti mwezi uliwonse wodutsa ukuchepetsa mwayi wake. Ndinamulembera Tiwonge mauthenga atatu. Sanayankhe.

Miyezi isanu ndi iwiri pambuyo pake

Linali Lachiwiri, m'nyengo yozizira. Nditatuluka m'chipinda cha maso kukaitana wodwala wotsatira, ndinaona a Chirwa atakhala pa benchi pakati pa anthu, atavala chikhoti, buku la kuchipatala lili m'manja, Lusungu ali pambali pawo. Munthu amene anayendetsa chipinda chimenecho zaka zambirimbiri anakhala pa mzere kudikira nthawi yake ngati wina aliyense. Ndinati alowe, iwo anakana nati pali anthu anayi patsogolo pawo. Atalowa sananene za kalata. Anamukweza mwanayo pampando nati, "Ndinamuyeza ndekha sabata yatha, ndi makiyi. Ndinkafuna ndikupezeni olakwa." Kenaka anati, "Muyezeni, sisita."

Diso lamanzere linali lofookadi kwambiri. Ndinamulembera magalasi, ndipo ndinafotokoza kuti diso lamanja lizitsekedwa ndi pulasitala maola angapo tsiku lililonse kuti lofookalo likakamizike kugwira ntchito. Zonsezi iwo ankazidziwa kuposa ine, koma anamvetsera mpaka kumapeto ngati akuzimva koyamba. Atafunsa ngati tachedwa, sindinawanamize. Ndinati mwayi ulipo, koma ukanakhala waukulu tikanayamba nthawi ija. Anagwedeza mutu nati, "Miyezi imeneyo musamuwerengere Tiwonge. Amene ndinamubera mwanayu miyeziyo ndine."

Tiwonge anabwera yekha patatha sabata ziwiri. Sitinakambe zambiri, tinangolira. Anandiuza kuti anazimitsa zithunzi zotuluka m'makalasi a ana aang'ono, ndipo madandaulo a mutu anachepa. Ndinapita kukayeza ana onse monga ndinalonjezera, n'kupezanso awiri ofunika magalasi. Sukulu sinagwe, ngakhale inatenga nthawi kuti idzazenso. Diso la Lusungu linawongokera ndithu, amawerenga nalo, koma silinafanane ndi linzake, ndipo nsomba zija mpaka lero amaziona zili pagalasi. Ndikamuona ndi magalasi ake ndimadzifunsabe ngati ndikanapeza njira ina yolankhulira ndi mayi ake tsiku lija mu ofesi, yoti asanditsekere khutu.

Ntchito yotseka diso anaitenga a Chirwa, popeza Tiwonge ankakhala kusukulu tsiku lonse. Mwanayo ankadana nayo pulasitala, ankaimatula n'kulira kuti sakuona bwino ndiponso anzake amuseka. Loweruka lina, mwezi umene ndinapuma ntchito, ndinakwera kabaza kupita ku Nkhorongo kukaona mmene zikuyendera, ulendo wanga woyamba kuchokera tsiku la kalata lija. Ndinawapeza pakhonde awiriwo, mbale ya mikanda ili pakati pawo, akutunga mikandayo pa ulusi kuti diso lofooka lizolowere. Lusungu anali ndi pulasitala pa diso lamanja. A Chirwa nawonso anali atamata pulasitala pa diso lawo lamanja, lomwe ndi limene linkaona bwino pa ukalamba wawo, ndipo mikanda yambiri inali itamwazikira pansi. Mtsikanayo anandiuza monyadira kuti agogo amavala tsiku lililonse, ngakhale popita kugolosale, ndipo anthu akawafunsa amati ndi fasho ya ku Nkhorongo.

A Chirwa anatembenuza mutu wonse kuti andione ndi diso lotsalalo. "NyaPhiri, mwafika? Kokani mpando. Tithandizeni kulowetsa ulusiwu, kuno tonse awiri sitikuona."